PHUNZIRO 17: BULU WA BALAMU NDI GALU WA PAKHOMO PATHU

Kuwerenga: Numeri 22:21-33

Ndime zothandiza: Eksodo 23:4-5, 12, Deuteronomo 25:4, Masalmo 50:10-11, 2 Petro 2:15-16

Vesi loloweza: Miyambo 12:10. Lilembeni pa bolodi monga liliri m'Baibulo lanu ana asanalowe.

Cholinga: Ana adziwe kuti nyama zonse ndi za Mulungu, ndipo ife anangotisungiza. Adziwenso kuti mtima wokonda phindu ndi umene umatseka maso a munthu kuti asaone kuvutika kwa nyama imene ikumtumikira.

Zofunika: Baibulo, bolodi ndi choko, chingwe chachifupi ngati mkono umodzi, mbale yakale.

MAU KWA MPHUNZITSI

Inu aphunzitsi, phunziro ili lioneka ngati laling'ono, koma musalipeputse. Ana ambiri a m'kalasi mwanu ali ndi galu kwao. Ena amagenda agalu pochokera ku sukulu, ena ali ndi legeni m'thumba, ndipo palibe anawauzapo kuti Mulungu amaziona zimenezi. M'mera mpoyamba. Mwana wozolowera kuseka pomva galu akulira ndi ululu, mtima wake ukuuma, ndipo mawa sudzafewa pomva kulira kwa mbale wake.

Werengani chaputala chonse cha Numeri 22 kunyumba, kuti mudzathe kufotokoza nkhani osayang'ana m'buku. Pempherani musanayambe kukonzeka.

CHIYAMBI (mphindi 5)

Funsani ana kuti: Ndani ali ndi galu, mphaka, nkhuku kapena mbuzi kwao? Dzina la galu wanu ndani? Wadya chiyani dzulo? Amamwa madzi pati? Musadzudzule mwana aliyense pa mayankho ake. Ingomverani, pakuti mayankhowo mudzawafuna kumapeto.

NKHANI YA M'BAIBULO (mphindi 10)

Aisraeli anali pafupi kulowa m'dziko la Kanani, ndipo anamanga misasa m'zidikha za Moabu. Balaki, mfumu ya Moabu, anachita mantha. Tsono anatuma akuluakulu ake kwa Balamu, atatenga mphatso m'manja, kuti adzatemberere Aisraeli. Poyamba Balamu anakana. Mfumu inatumanso akalonga ochuluka ndi omveka koposa oyamba aja, nimlonjeza ulemu waukulu. Pakamwa pake Balamu ananena zabwino, koma mtumwi Petro akutiululira kuti mtima wa munthu uyu unali pa malipiro.

M'mawa anamanga bulu wake wamkazi nanyamuka. Mngelo wa Yehova anaima m'njira ali ndi lupanga m'dzanja. Bulu anamuona, Balamu sanamuone. Bulu anapatukira kumunda, ndipo anamenyedwa. Kachiwiri mngelo anaima pa kanjira ka pakati pa minda ya mphesa, linga uku linga uku. Bulu anadzikanikiza kulinga, napana phazi la mbuye wake, ndipo anamenyedwanso. Kachitatu malo anali opapatiza, osatheka kupatukira kumanja kapena kumanzere. Bulu anangogona pansi, ndipo Balamu anamkwapula ndi ndodo ali wolusa.

Pamenepo Yehova anatsegula pakamwa pa buluyo. Iye anafunsa mbuye wake chimene analakwa, namkumbutsa zaka zonse zimene anamnyamula mokhulupirika. Balamu anavomera kuti bulu wake analibe khalidwe lotere kale. Atatero Yehova anatsegula maso a Balamu, ndipo anaona mngelo uja.

Apa gogomezani zinthu ziwiri. Choyamba, funso loyamba la mngelo linali la kumenyedwa kwa bulu. Kumwamba anawerenga zikwapu zonse zitatu. Chachiwiri, mngelo ananena kuti bulu akadapanda kupatuka, wofa akadakhala Balamu, bulu nkupulumuka. Nyama imene iye anaiyesa yopusa ndi imene inasunga moyo wake.

ZOTI MPHUNZITSI ADZIWE: MJAHO WA AGALU

Tchimo la Balamu silinathe. Chitsanzo chake chooneka bwino masiku ano ndi mjaho wa agalu umene umachitika m'maiko ena. Kuno kwathu kulibe mabwalo ake, koma anyamata ena a m'kalasi mwanu anaonapo pa foni zithunzi za agalu ovala manambala akuthamanga, anthu akubetcha. Zambiri mwa zithunzizo ndi zopanga ndi kompyuta, koma zinatengedwa ku masewera enieni. Nkofunika kuti mukhale ndi yankho akakufunsani.

Agalu ake ndi a mtundu wa greyhound, oonda m'chiuno, a miyendo yaitali, otha kuthamanga makilomita pafupifupi 70 pa ola. Amawatsekera m'timabokosi poyambira, kenaka amatsegula nthawi imodzi, ndipo agaluwo amapirikitsa kalulu wachidole woyenda ndi makina mozungulira bwalo. Kaluluyo samgwira ayi. Anthu amatchova juga pa galu amene ayambe kufika. Ku Britain bwalo loyamba lotere linatsegulidwa mu 1926 ku Belle Vue, mu mzinda wa Manchester.

Otsutsa masewerawa amanena zinthu zitatu. Agalu akafika pokhota amaunjikana ali pa liwiro lalikulu, nagundana, ndipo ambiri amathyoka miyendo, ena amafera pomwepo. Akakhala kuti sakuthamanga amakhala m'makola maola ochuluka a tsiku. Chachitatu ndi chimene chili chowawa koposa. Galu wotere atha kukhala ndi moyo zaka zoposa 10, koma liwiro lake limatha ali ndi zaka 4 kapena 5, ndipo ena amabadwa opanda liwiro lokwanira. Kwa munthu amene amangoona ndalama, galu wosapambana ndi katundu wongodya chakudya. Pa chifukwa ichi agalu ambiri akhala akuphedwa kapena kutayidwa, ngakhale alipo mabungwe amene amayesetsa kuwapezera mabanja owasunga.

Mipingo inalankhulapo kale pa nkhaniyi. Ku Joni, kumene makolo athu ambiri anakagwira ntchito m'migodi, mjaho wa agalu unayamba mu 1932 ndipo unaletsedwa mu 1949. Pakati pa otsutsa panali mpingo wa Dutch Reformed, womwe uja unatumiza amishoni ku Mvera mu 1889. Chimene chinawavuta kwambiri atsogoleri a mpingo nthawi imeneyo chinali juga, pakuti malipiro a anthu osauka ankathera ku bwalo la agalu, ana kunyumba alibe chakudya. M'zaka zapitazi anthu ayamba kulankhula za kuvutika kwa agalu eni ake. Mu Novembala 2018 anthu a ku Florida, m'dziko la America, anaponya voti, ndipo 69 mwa anthu 100 alionse anati mjahowu uthe. Unatha pomafika kumapeto kwa 2020. Ku Scotland, kumene kunachokera amishoni amene anayamba Mishoni ya Blantyre mu 1876, bwalo la Shawfield pafupi ndi Glasgow linaleka kuthamangitsa agalu mu 2020. Mu Disembala 2024 boma la New Zealand nalo linalengeza kuti lithetsa masewerawa chifukwa cha kuchuluka kwa agalu ovulala.

Simuyenera kuwauza ana zaka zonsezi. Auzeni mwachidule kuti masewerawa amadya mbali ziwiri: amadya galu, amadyanso wobetcha. Onse awiri akupirikitsa kalulu amene sadzamgwira.

PHUNZIRO LIFIKE PAKHOMO (mphindi 10)

Nkosavuta kuloza chala azungu a kutali. Tsono bweretsani nkhaniyi kuno ku Manja, ku Nkolokosa, ku Chitawira ndi m'tsinde mwa phiri la Soche. Pano sitiweta galu kuti apambane mpikisano, timamweta kuti alonde nyumba. Ntchitoyo ndi yabwino. Koma funso la mngelo likadalipo: kodi wantchito ameneyu tikumchitira zotani?

Itanani mwana mmodzi agwire nsonga ya chingwe chija, inu mugwire inayo. Muuzeni ayese kufika pa mthunzi kapena pa mbale imene mwaika patali. Chingwe chikhale m'dzanja, osati m'khosi. Funsani anzake kuti: Mungamve bwanji kukhala chotere kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, mwezi wa Okutobala?

Kenaka kambiranani zinthu izi zimene ana amaziona:

1. Galu womangidwa pa tcheni lalifupi padzuwa, popanda madzi.
2. Galu wotsekeredwa m'kakhola ka malata usana wonse, kapena womanidwa chakudya, ati kuti akhale wolusa.
3. Anyamata olimbanitsa agalu kuti aone wamphamvu.
4. Tiana ta galu totayidwa m'ngalande kapena kudzala.
5. Nkhuku ndi mbuzi zomangidwa mothina pa njinga, mitu ili pansi, ulendo wonse wa kumsika.
6. Kugenda mbalame popanda chifukwa, kungoyesa dzanja.

Aonetseni kuti Mulungu anaika malamulo a zimenezi kalekale. Pa Eksodo 23:12 ng'ombe ndi bulu zapatsidwa tsiku lopuma pamodzi ndi anthu. Pa Deuteronomo 25:4 ng'ombe yopuntha tirigu iloledwa kudyako pa ntchito yake. Pa Eksodo 23:5 munthu alamulidwa kuthandiza bulu wogwa ndi katundu, ngakhale mwini wake ali mdani. Boma lathu nalonso lili ndi lamulo loteteza nyama, ndipo wozunza nyama atha kuimbidwa mlandu.

Kumbutsaninso ana kuti bulu anapulumutsa Balamu. Chimodzimodzi kusamala galu kumasunga moyo wathu. Matenda a chiwewe amafika kwa munthu kawirikawiri mwa kulumidwa ndi galu wodwala, ndipo zizindikiro zikaoneka munthuyo sachira. Ana a mu mzinda uno anamwalirapo nawo ku chipatala cha Gulupu. Mu 2015 bungwe la Mission Rabies, mogwirizana ndi a boma oona za ziweto ndi bungwe la Blantyre SPCA, linabaya katemera agalu oposa 35,000 mu Blantyre m'masiku 20 a ntchito. Akatswiri amati agalu 70 mwa 100 alionse akabayidwa, matendawa amaleka kufala. Choncho mwana wotengera galu wake ku katemera akuteteza mlongo wake ndi ana a anansi ake. Phunzitsani ana kuti akalumidwa kapena kukalidwa ndi galu asabise poopa kukalipiridwa. Atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo.

MAFUNSO AMENE ANA ANGAKUFUNSENI

Kodi kupha nkhuku ndi tchimo? Ayi. Pa Genesis 9:3 Mulungu analola anthu kudya nyama. Chimene tikukana ndi kuzunza. Wopha nkhuku aphe msanga ndi mpeni wakuthwa, osati kuiseweretsa.

Nanga ife tikusowa chakudya, tidyetse bwanji galu? Funso ili muliyankhe mofatsa, pakuti mabanja ambiri ali pa mavuto enieni. Munthu ndi woposa nyama, monga Ambuye Yesu anaphunzitsa pa Mateyu 10:29-31, ndipo mwana ayenera kudya poyamba. Koma m'ndime yomweyo tikumva kuti Atate samaiwala ngakhale mpheta. Madzi, mthunzi, chingwe chachitali ndi kuleka kumenya sizilira ndalama. Mkute ndi phala la gaga zimsunga galu. Banja limene silingathe kudyetsa agalu atatu lisunge mmodzi.

Kodi galu akandithamangitsa ndisamgende? Auzeni kuti kuthawa ndi kukuwa kumautsa galu. Aime chilili, manja ali m'mbali, osamyang'ana m'maso, mpaka galuyo achoke. Asasewere ndi galu amene akudya, wagona kapena ali ndi ana.

MAFUNSO OBWEREZA

1. Ndani anatuma anthu kwa Balamu, ndipo ankafuna chiyani?
2. Bulu anamenyedwa kangati? Chifukwa ninji anapatuka?
3. Nchiyani chinali mu mtima wa Balamu chimene chinatseka maso ake?
4. Chimachitika nchiyani kwa galu wa mjaho liwiro lake likatha?
5. Tchulani zinthu zitatu zimene galu wa pakhomo amasowa tsiku lililonse.

NTCHITO YA SABATA INO

Mwana aliyense asankhe nyama imodzi ya kwao kapena ya anansi, atapempha mwini wake. Aipatse madzi oyera m'mbale tsiku lililonse mpaka Lamulungu likudzali. Amene ali ndi agalu afunse makolo ao mwaulemu ngati galuyo anabayidwa katemera chaka chino. Chenjezani ana kuti asakadzudzule makolo kapena anansi. Ayambe ndi manja ao. Sabata yamawa, musanayambe phunziro latsopano, funsani mmene ayendera. Inunso aphunzitsi, yang'anani kuseri kwa nyumba yanu musanabwere kudzaphunzitsa, pakuti ana amadziwa mmene galu wa aphunzitsi ao amakhalira.

PEMPHERO

Ana anene motsatira inu:

Atate wathu wa Kumwamba, nyama zonse ndi zanu, ndipo munazipereka m'manja mwathu kuti tizisunge. Tikhululukireni pamene tazimenya ndi kuziiwala. Tsegulani maso athu monga munatsegula maso a Balamu. Chotsani mwa ife mtima wokonda ndalama koposa chifundo. Tiphunzitseni kukhala okoma mtima kwa zolengedwa zanu ndi kwa anzathu. Tapempha m'dzina la Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.