Tiphike Pamodzi, Ana Athu Akule Bwino

Uthenga kwa mabanja a kwa Mwape ndi midzi ina ya m'maboma a Nyimba ndi Petauke

Amayi, abambo ndi ambuya, mwana akhoza kukhuta nsima tsiku lililonse koma n'kupinimbira. Kafukufuku wa zaumoyo wa mu 2018 anapeza kuti muno m'Zambia ana 35 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Vutoli limayamba m'masiku 1,000 oyamba, kuchokera pamene mayi waima mpaka mwana atakwanitsa zaka ziwiri, ndipo likakhazikika limavuta kulibweza. Zakudya zomuteteza mwana tili nazo kale: nshawa, nyemba, chibwabwa, bondwe, nthochi ndi nsomba za mu Luangwa. Chofunika n'kudziwa kuziphatikiza mumphika, ndipo lusoli munthu amalitola poona mnzake akuphika.

Kophunzirira kuphika

- Kusikelo. Funsani anamwino kapena anthu odzipereka a zaumoyo tsiku limene kudzakhale chionetsero cha kaphikidwe. Funsaninso pa Sabata ya Umoyo wa Ana, imene imachitika kawiri pachaka, ana akamalandira vitamini A ndi mankhwala a njoka za m'mimba.
- M'mudzi. A komiti ya zaumoyo ndi a SMAG, amene amayendera amayi apakati, angakulozereni gulu lapafupi lophunzira kuphika.
- Kwa alangizi a zaulimi. Afunseni za mbewu ya chimanga cha olenji ndi kandolo wofiira m'kati. Zonsezi zili ndi vitamini A, amene amathandiza maso ndi chitetezo cha m'thupi.

Ngati gulu kulibe, yambitsani lanu

Dziwitsani amfumu a m'mudzi, kenaka itanani mabanja oyandikana nawo. Muzikumana kamodzi pamwezi, pakhomo mosinthana. Aliyense abwere ndi chimene ali nacho: uyu kapu ya ufa, uyo nshawa, wina nkhuni. Aliyense agwireko mthiko, osangoonerera. Ambuya abweretse nzeru ya mfutso ndi ndiwo zotendera. Abambo asatsalire, chifukwa dzira kuti ligulitsidwe kapena lidyedwe ndi mwana, mawu awo amamveka. Mwezi ndi mwezi pemphani wa zaumoyo adzaone zimene mukuphunzitsana.

Yambani ndi phala ili la mwana wa miyezi 6 kupita m'tsogolo

1. Sambani m'manja ndi sopo, mutsuke mphika, mbale ndi sipuni.
2. Sankhani nshawa. Zovunda, zofota ndi zachuku tayani, chifukwa chuku chili ndi poizoni amene satha ngakhale mutaphika.
3. Sakanizani magawo atatu a ufa wa mgaiwa ndi gawo limodzi la nsinjiro, muphike mpaka lipse bwino.
4. Thirani sipuni imodzi ya kapenta wokazinga, wosinja ndi kusefa. Tsiku lina ikani dzira m'malo mwake, lipse ndithu.
5. Pomaliza ikani chibwabwa kapena bondwe wosinja, awire pang'ono.
6. Tapani phala, mupendeketse sipuni. Likamayenderera ngati madzi, ndiye kuti lachepa mphamvu. Phala labwino limakakamira pasipuni.

Mwana wa miyezi 6 mpaka 8 adye kawiri kapena katatu patsiku. Kuyambira miyezi 9 adye katatu kapena kanayi, ndi kachakudya kapakati monga nthochi yopota kapena papaya. Akhale ndi mbale yakeyake kuti muone mmene wadyera. Asanakwanitse miyezi 6 ayamwe bere lokha, osampatsa ngakhale madzi, ndipo apitirize kuyamwa mpaka zaka ziwiri kapena kupitirira.

Zoti muziuzana pomwe mphika ukuwira

- Soda amapha mavitamini ena a m'masamba. Tenderani ndi nsinjiro kapena thirani mafuta pang'ono, ndipo musaphike mpaka masamba kufiira.
- Mfutso yanikani pamthunzi, pamalo okwera, kuti mudzakhale ndi ndiwo mu Okutobala dimba litauma.
- Masau ndi malambe amathandiza thupi kutenga mchere wowonjezera magazi m'nyemba ndi m'masamba. Tiyi amalepheretsa zimenezi, choncho musamwere pachakudya.
- Gulani mchere wa ayodini, muusunge m'chotsekera.

Thamangirani kuchipatala ngati mwana watupa mapazi, akuwonda, akukana kudya kapena kuyamwa, akutsegula m'mimba kosalekeza, kapena mzere wa pakhadi lake la kusikelo waleka kukwera. Musadikire tsiku la gulu.

Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Chimene mwaphunzira musachisunge m'khitchini mwanu mokha. Sabata ino itanani mayi mmodzi amene ali ndi mwana wamng'ono, muphike naye phala limeneli, ndipo mupangane tsiku limene iyenso adzakuonetseni chakudya chimene amachidziwa bwino.