Phunziro 14: Dziwe Louma

Kuno ku Majaua mvula imagwa yambiri. Madzi ake amatsika m'mapiri, nadutsa m'minda mwathu kupita ku mtsinje wa Ruo. Akamathamanga amakokolola nthaka ya pamwamba, amakumba zigwembe, ndipo chimanga chimagona pansi.

Tiyeni tiwerengetsere pamodzi. Mvula ya mamilimita 50 ikagwa pa hekitala imodzi, madziwo angadzaze migolo 2,500 ya malita 200. Ena amalowa pansi. Otsalawo amafuna njira, ndipo njirayo ndi munda wa koperativa yathu.

Tingawachedwetse ndi dziwe louma. Ili ndi dzenje lalikulu koma losazama, limene timakumba kumtunda kwa munda, pamene madzi amakumana asanakumbe chigwembe. Mvula ikagwa limadzaza. Kenaka madzi amatuluka pang'onopang'ono, ena n'kulowa pansi. Pakatha masiku awiri dziwe lauma.

Wina afunsa kuti, "Nanga tivutikirenji kukumba dziwe losasunga madzi?" Funso labwino, anzathu. Ili si dziwe la nsomba ayi. Likakhala lodzaza, mvula ya mawa ilowa pati? Komanso madzi akaima sabata yathunthu, udzudzu umaswana ndipo malungo amalowa m'mudzi.

Timakumba m'chilimwe, kuyambira Ogasiti, nthaka ili youma. Kuya kwake kusapitirire mita imodzi, chifukwa ana amakonda kusewera m'madzi. Dothi lokumbalo timaunjika kumunsi kuti likhale khoma. Tisathire lonse nthawi imodzi. Tithire pang'ono, tiwaze madzi, tisinje ndi munsi, tithirenso. Khoma likhale lotambalala pansi, lopendekeka bwino, osati loima chilili ngati la nyumba.

Dziwe limafuna makomo awiri. Loyamba ndi laling'ono, pansi pa khoma. Timaikapo paipi, ndipo pakamwa pake timaunjika miyala kuti zinyalala zisalowe. Paipi ikakula kwambiri madzi amangodutsa, ndiye kuti tagwira ntchito yachabe. Khomo lachiwiri ndi lotakata, lotayira madzi akachuluka. Ili timalidula m'mbali, pa nthaka yolimba imene sitinaunjike ndife. Likhale lotsika kuposa mutu wa khoma, ndipo tiyalemo miyala. Ambiri amaiwala khomo limeneli. Madzi akasefukira pamwamba pa khoma amalidya, khoma n'kuphulika, madzi onse n'kugwera m'munda nthawi imodzi. Zikatero bola pakanapanda dziwe.

Pa khoma tibzale udzu wa vetiva kapena kapinga. Mitengo ayi, pakuti mizu ikaola imasiya mabowo. Mbuzi ndi ng'ombe zisapondepo.

Kukumba ndi ntchito ya masiku ochepa, koma kusamala ndi kwa chaka ndi chaka. Mvula yamphamvu ikangokata, anthu awiri apite kukaona. Achotse mapesi ndi masamba pa paipi. Akapeza una wa mbewa kapena chiswe pa khoma, atseke tsiku lomwelo. Ndi bwino kuti pa msonkhano tilembe maina a oyendera m'buku la koperativa, sabata ndi sabata. Tsopano kulemba tikudziwa, eti? M'chilimwe tifukule matope amene adzaza pansi, tikathire m'munda. Ndi nthaka yathu yomwe ija, yachonde, imene ikanapita ku Ruo.

Tisanamizane. Dziwe lotere silingaimitse chigumula ngati cha Januwale 2015, chimene chinadula mlatho wa Licungo ku Mocuba, kapena mvula ya namondwe Freddy ya Malichi 2023. Mphamvu yake ili pa mvula ya chaka chilichonse, imene imatibera nthaka pang'onopang'ono. Pa phiri lotsetsereka kwambiri, kapena pamwamba pa nyumba za anthu, tisakumbe tisanaitane mlangizi wa zaulimi.

Tikambirane: Kodi madzi amalowera pati m'munda wa koperativa yathu? Jambulani malowo pansi, ndipo mulembe mawu awa: dziwe, khoma, khomo, matope.