Pa Likoma mphika umamvera sitima ndi nyanja

Mwanangu, ngati kalata ya ntchito yakutumiza ku Likoma, kaya kukaphunzitsa ku sekondale, kaya kukagwira unamwino ku chipatala cha St Peter's, kaya ku polisi, tiyambe ndi nkhani ya mphika, zinazo udzazimva ukafika. Achinyamata ambiri amatsika pa Mbamba ali ndi thupi, koma pomatha miyezi itatu lamba wayamba kufuna bowo lina. Si kuti kuno kuli njala ayi. Anazolowera ku Mzuzu kapena ku Lilongwe, kumene m'mimba mukalira umangotuluka n'kupeza chiwaya pamsewu. Kuno malo odyera ndi owerengeka, ndipo malipiro ako sangapirire kudya kogula mwezi wathunthu. Uzidziphikira, ndipo ndikufuna uzidziphikira bwino.

Choyamba uchidziwe chilumbachi. Ndi miyala, mchenga, milambe ndi mango, malo a masikweya kilomita 18 okha, ndipo kalembera wa 2018 anapeza anthu opitirira 14,000 kuno ndi ku Chizumulu. Nthaka yotere siingadyetse khamu lonselo. Chinangwa chimalola, chimanga chimachita mphwayi. Choncho ufa, nyemba, mpunga, anyezi, ngakhale tomato wambiri amene udzamuone pamsika, zimadza pamadzi, kuchokera ku Nkhata Bay kapena kutsidya kwa anzathu a ku Mozambique, cha ku Cobué. Sitima ya Ilala, imene yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951, imatipeza popita kumpoto ndi pobwerera kummwera. Tsiku lotsatira kufika kwa sitima msika umasangalala; masiku akapitapo, tomato amachepa, mtengo n'kukwera. Nthawi zina sitimayo imapita kokonzedwa. Ndiye pali mwera, mphepo ya miyezi yozizira, cha mu Juni ndi Julaye, imene imatha kugoneka mabwato ndi maboti pamchenga masiku angapo. Wophika amene sawerengera zinthu ziwirizi amagona ndi tiyi.

Malipiro akangolowa, usanaganize za mayunitsi kapena nsapato, gula zouma: ufa, mpunga, nyemba, mtedza, mafuta, mchere wa ayodini, anyezi, ndi mapaketi angapo a soya pieces oti adzakuombole tsiku loipa. Uziike m'zidebe zotsekeka bwino, chifukwa makoswe ndi nyerere za m'nyumba ya munthu mmodzi zimadziwa kuti mwini wake amachoka m'mamawa. Mtedza uusankhe, wachuku ndi wofota utaye, usaumvere chisoni. Chuku cha mtedza chimawononga chiwindi mwakachetechete. Tomato ugule wosakaniza, wakupsa wa lero ndi mawa, wosapsetsa wa kumapeto a sabata. Akachuluka n'kuyamba kufewa, mudule mopyapyala, umuwaze kamchere, umuyanike pathandala. Dzuwa la kuno silichedwa kugwira ntchito.

Tsopano nsima. Ambiri okhala okha amaisiya chifukwa amaiphika ngati ya banja, n'kutsala mitanda itatu yoti aitaye. Gula kapoto kakang'ono kolimba pansi, kakhale ka nsima basi. Makapu awiri a madzi akukwanira. Madzi akafunda, thira ufa wodzaza dzanja uku ukutakasa, ulisiye phalalo libwate mpaka fungo la ufa wauwisi lithe, kenaka uziwaza ufa pang'onopang'ono ukuvundula. Mitanda iwiri yatuluka, ndipo makala sanapse n'komwe theka. Ukaomola, thira madzi m'poto nthawi yomweyo kuti nkhoko zifewe, chifukwa chimene chimagwetsa ulesi mbeta ndi mbatchala si kuphika ayi, koma kupeza poto wadzulo ali gwa.

Koma uli pa Likoma, ndipo nsima ya kuno ndi kondowole. Usayambe n'kunyinyirika kuti imamata m'manja. Kwa munthu wokhala yekha palibe nsima yachangu kuposa imeneyi, chifukwa siifuna phala. Wiritsa madzi afike pobwata, tapako ena uike pambali, tsitsa poto, umupane ndi mapazi utayala kansanza, thira ufa wa chinangwa nthawi imodzi, ndipo uvundule ndi mphamvu mpaka usaonekenso ufa woyera. Ikalimba kwambiri wonjezera madzi otentha aja. Mthiko ukhale wolimba, chifukwa wofooka umathyoka. M'mimba mukakhala kuti simunazolowere, yamba ndi phala la mgaiwa n'kumalizira ndi ufa wa kondowole. Ambiri obwera amalowera khomo limenelo. Chenjezo langa ndi limodzi: chinangwa chowawa chili ndi poizoni. Amayi a kuno amachisenda, kuchiviika m'madzi masiku angapo mpaka chifewe, kenaka kuchiyanika ndi kuchisinja. Iwe gula ufa kwa amene akudziwa ntchitoyi, ndipo chinangwa chimene sukuchidziwa mtundu wake usachikukute chachiwisi kapena kungochiwiritsa. Funsa. Safunsa anadya phula.

Ndiwo ili m'nyanja, koma nyanja nayo ili ndi nthawi yake. Usipa amaupha usiku ndi chilimira, akuukopa ndi nyali. Mwezi ukawala kwambiri, nyali zija sizikopanso kanthu, ndipo usipa umasowa. Mdima ukabwerera, umatsika mtengo. Choncho uziyang'ana kumwamba usanagone. Masiku a mdima dzuka m'bandakucha, tenga kabeseni, pita kugombe asodzi akamakocheza. Kumeneko ndi kumene ndalama yako yaing'ono imakula.

Usipa wauwisi sufuna zambiri, ndipo amene amauthira zokometsera za m'mapaketi amandimvetsa chisoni. Utsuke, uuyale m'poto, pamwamba tomato mmodzi, kachidutswa ka anyezi, mchere, timadzi tongofika pakati, ndi supuni ya mafuta ngati ilipo. Vindikira. Usalowetsemo mthiko, ungauphwanye n'kukhala phala. Gwira poto m'makutu n'kumugwedeza pang'ono. Pomwe ukumaliza kuvundula kondowole, ndiwo yapsa. Wotsala uufutse m'madzi a mchere n'kuuyanika, ndiwo ya masiku a mwera imeneyo. Wouma uli ndi mwambo wake: uyambe waukazinga wopanda mafuta mpaka ununkhire, uchotse mitu ngati sufuna kuwawa, uutsuke m'madzi ofunda kuti mchenga utsike, ndiye ubwerere pamoto ndi tomato. Tsiku lina uthire nsinjiro m'malo mwa mafuta. Udye ndi minga yomwe, ndi imene imalimbitsa mafupa. Utaka ukachuluka, ung'ambe, uthire mchere, uwambe pa moto wofatsa. Kampango wathunthu ndi wa banja. Iwe gwirizana ndi mnzako wa khomo loyandikana mugawane, wina kumutu wina kumchira, ulendo wina musinthane.

Nyemba ndi bwenzi la wokhala yekha, komanso ndi mdani wa makala ngati suzidziwa. Ziviike usiku, m'mawa utaye madziwo. Zibwate mwamphamvu kwa mphindi 15 kapena 20, kenaka tsitsa poto ali chivindikirire, umukulunge m'bulangete lakale, umuike m'dengu kapena m'katoni, upite kuntchito. Pobwera masana zidzakhala zitafewa, zongofuna kumalizitsa pamoto ndi anyezi ndi tomato. Poto mmodzi ameneyo akudyetsa masiku awiri osatopa naye: lero ndi nsima, madzulo ndi mpunga, mawa uziphwanye ndi mthiko zikhale zapotopoto, uthiremo tsabola, udyere mbatata. Koma kutentha kwa Okutobala ndi Novembala kuno si kwamasewera. Chakudya chogona uchiwiritse usiku usanagone, osachigwiranso ndi supuni yonyambita, ndipo m'mawa uchiwiritsenso mpaka chibwate. Chikayamba thovu kapena kafungo kowawasa, taya. Ndalama ya nyemba siifika pa mtengo wa kutsekula m'mimba uli wekha m'nyumba, wopanda wokutungira madzi.

Zamasamba ndiye pamene achinyamata ambiri amagwera. Nsomba zikakhala zosavuta kupeza, munthu amatha mwezi osalawa tsamba, kenaka n'kumadabwa kuti m'mimba mwauma, thupi likulemera. A zaumoyo amatiphunzitsa za magulu asanu ndi limodzi a zakudya, ndipo masamba ndi zipatso ali m'magulumo pa chifukwa. Chigwada chili paliponse pamene pali chinangwa. Tenga masamba anthete, uwasinje mu mtondo (ubwereke kwa anansi, ndi njira yabwinonso yodziwirana nawo), uwawiritse nthawi yaitali poto ali wosavindikira kuti ululu wake utuluke ndi nthunzi, kenaka utendere. Popita kutchuthi kumudzi, uza amayi akukonzere mfutso wa nkhwani kapena khwanya. Salemera m'chikwama, ndipo sawonongeka. Ukakhala ndi kachidwi, dzaza thumba la simenti ndi dothi losakaniza ndi manyowa a mbuzi, ufesemo mpiru kapena bonongwe, uzithirira ndi madzi otsukira mpunga ndi masamba. Ulitchingire ndithu, mbuzi za kuno sizipempha.

M'mawa usachoke ndi m'mimba mopanda kanthu n'kukaima pamaso pa ana kapena odwala mpaka dzuwa paliwombo. Phala la mgaiwa lothira nsinjiro limapsa uku ukusita malaya. Malambe ali mbwee m'chilimwe: aviike m'madzi owiritsa atazirala, usefe, uthire m'phala kapena umwe ndi kashuga. Mango akayamba cha kumapeto a chaka, idya mpaka ukhute, palibe adzakuwerengere. Futali wa mbatata ndi chakudya cha poto mmodzi chimene chimagwira m'mimba tsiku lonse, ndipo Loweruka lochapa zovala palibe china chimene ndingakuuze kuti uphike.

Za moto ndinene mwachidule. Nkhuni ndi makala ambiri amawoloka kuchokera kutsidya, ndiye ndi ndalama. Magetsi alipo, a dzuwa ndi a injini, koma mbaula isasowe pakhomo. Ukamaliza kuphika, makala otsala uwazime ndi mchenga, mawa agwiranso ntchito. Ndipo ndikupemphe ndi mtima wonse: usiku wa mwera, ngakhale kuzizire bwanji, usalowetse mbaula m'chipinda n'kutseka mazenera. Mpweya wa makala sununkha, umangogonetsa munthu osadzukanso, ndipo iwe ulibe wina m'nyumbamo woti adzidzimuke n'kutsegula chitseko. Madzi akumwa uwawiritse kapena uthire klorini. Kolera ya 2022 ndi 2023 inatiphunzitsa kuti kuyera kwa madzi a m'nyanja si umboni wakuti ali bwino.

Pali nkhani ina imene akulu ambiri amaizungulira, ine ndiinena poyera, makamaka kwa iwe mnyamata amene ukukagwira choko. Ukatopa ndi kuphika, padzapezeka wokuuza kuti tuma mtsikana wa m'kalasi mwako adzakuphikire, adzakutsukire mbale. Usalole ngakhale tsiku limodzi. Mwanayo anabwera kudzaphunzira, ndipo khomo la mphunzitsi wosakwatira si malo ake. Pachilumba chaching'ono chotere palibe chobisika, koma ngakhale chikanabisika, n'kulakwa. Manja uli nawo. Ngati ntchito yakuchulukira, gwirizana ndi mayi wachikulire, umulipire mwachilungamo, anthu onse akudziwa. Nawe mtsikana, wina asakusandutse wophikira ofesi yonse chifukwa choti ndiwe wamkazi wokhala wekha.

Komabe kukhala wekha sikutanthauza kudya wekha masiku onse. Chimene chimaonda mwa achinyamata ambiri kuno si thupi lokha. Sitima ikangozimiririka kuseri kwa Chizumulu, mtima umayamba kuwerenga mtunda wa kwanu, chilakolako cha chakudya n'kuthawa. Ukaona wayamba kudyera m'poto chiimirire, kapena kugona ndi bisiketi masiku otsatizana, dziwa kuti si ulesi wokha. Pakula m'mbale, khala pansi, samba m'manja, dya ngati munthu. Lamulungu, mapemphero akatha ku tchalitchi chachikulu cha St Peter's ku Chipyela, chija anayamba kumanga mu 1903, kapena kulikonse kumene umapemphera, itana anzako awiri atatu: wina abwere ndi mpunga wa Kilombero umene anamutumizira, wina nsomba, iwe moto ndi chigwada. Ukatendera bwino, patulako kambale upititse kwa mayi wa khomo loyandikana. Kupatsa n'kuika. Mbale imeneyo siibwerera yopanda kanthu, ndipo tsiku limene malungo adzakugwetse, mayi yemweyo ndi amene adzazindikire kuti chitseko chako sichinatseguke.

Mayi ameneyo tsiku lina adzakuitana mofuula kuti utuluke ndi lichero. Udzaona panyanja chinthu chakuda chikufuka, chikubwera kumtunda ndi mphepo. Ndi nkhungu, tizilombo touluka timene timaswana m'madzi. Nyowetsa licherolo, ulizunguze m'mwamba monga akuchitira anzako, tidzamatirira tokha. Akazikanya, kuzikulunga m'masamba, kuziphika ndi kuziyanika, chimatuluka chibumu chakuda chimene chimasungika nthawi yaitali. Ubenthuleko kachidutswa, ukazinge ndi tomato ndi anyezi, ndipo mchere uthire wochepa poyamba, ulawe kaye.