Ndichoke ku Fíngoè kapena ndikhale ndi amayi?

Alangizi, ndinamaliza kalasi 12 ndipo ndikufuna kukaphunzira unamwino ku Tete. Koma amayi akukalamba, ndipo ndine woyamba kubadwa. Ndikaganiza zowasiya ndi munda ndi azing'ono anga, tulo sitibwera. Kodi ndikulakwa?
Mtsikana wa ku Fíngoè

Mwana wanga, sukulakwa. Mwana woyamba amakula akumva kuti khomo lili m'manja mwake, ndiye akafuna kuchoka amadziona ngati wathawa udindo. Komatu unamwino sauphunzirira pakhomo. Sukulu zake zili kutali, monga Instituto de Ciências de Saúde mumzinda wa Tete, ndipo zipatala za m'boma la Marávia, kuyambira ku Fíngoè mpaka ku Malowera ndi Chiputo, zimafuna anamwino olankhula chinenero cha odwala awo. Ine ndikuti pita.

Usananyamuke, khala pansi ndi amayi pamodzi ndi amalume. Mugwirizane kuti ndani azilima, ndani azitunga madzi, ndani aziwaperekeza kuchipatala. Atchulidwe maina, chifukwa ntchito ya "tonse" imagona. Ukafika ku Tete uziimba foni tsiku lodziwika mlungu uliwonse, ndipo patchuthi uzibwera. Dziwanso kuti ukamaliza, boma likhoza kukutumiza kudera lina, choncho usawalonjeze amayi tsiku lobwerera.

Ngati kusowa tulo kwapitirira milungu iwiri, chakudya sichikulowa, kapena ukungolira, pita kuchipatala ukawafotokozere achipatala zonse.