PHUNZIRO LA MWEZI UNO: KUKONZA NYUMBA YA MAKOLO TISANAIGULITSE

Awerengi athu a kumidzi, mwezi uno tikambirana nkhani imene yafika m'mabanja ambiri. M'maboma ndi m'misika ing'onoing'ono ya dziko lino muli nyumba zambiri za njerwa ndi malata zimene makolo athu anamanga ndi thukuta lawo. Ena anamanga ndi ndalama za ku migodi ya ku Joni, kumene ankapita ndi Wenela kufikira chaka cha 1974. Ena anamanga ndi ndalama za fodya, kapena za penshoni ya uphunzitsi. Nyumba zimenezi tsopano zakalamba, ndipo zina zapitirira zaka 50. Eni ake akatisiya, kapena akafooka n'kukakhala kwa mwana wawo, ana amayamba kuganiza zogulitsa.

Kugulitsa si kulakwa, pakuti nyumba yopanda munthu imagwa msanga kuposa nyumba yokhalamo anthu. Cholakwa ndicho kugulitsa mothamanga, denga likudontha, bwalo lili tchire lokhalokha. Wogula akaona zotero amatchula mtengo wa puloti yokha, ngati kuti nyumba palibepo.

Ine wolemba ndinaziona kwathu. Agogo anga aamuna atamwalira, nyumba yawo ya zipinda zitatu inakhala yotseka zaka ziwiri. Wogula woyamba analowa, anayang'ana kudenga, anaona dzuwa likulowa m'mabowo, ndipo anatchula mtengo umene unaliza amayi anga. Amalume anakana. Tinasintha malata 6, tinagula matumba 4 a simenti ndi laimu, ndipo tinagwira ntchito milungu isanu. Wogula wachiwiri sanatsutse mtengo wathu. Nyumba inali yomweyo. Tsono tiyeni tione njira zake mwatsatanetsatane.

1. YAMBANI NDI MSONKHANO WA BANJA

Musagule ngakhale msomali umodzi musanakhale pansi pamodzi. Akulu anati mutu umodzi susenza denga. Ngati kholo lili moyo, nyumba ndi yake, ndipo mawu ake ndiwo oyamba. Ngati linamwalira, fufuzani ngati linasiya wilo. Pamene wilo palibe, lamulo la chuma cha masiye la chaka cha 2011 limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala, ana a malemu, ndi ena amene ankadalira malemuyo. Katundu wa m'nyumba amakhala wa mkazi kapena mwamuna wotsalayo. Kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Chotero mwana mmodzi, ngakhale akhale woyamba kubadwa, sangagulitse nyumba payekha. Pitani kwa Bwana DC kapena ku ofesi ya Administrator General kuti akulangizeni za kalata yopatsa munthu mphamvu yoyendetsa chuma cha masiye.

Pamsonkhano pomwepo gwirizanani zinthu zitatu: ndani adzasunga ndalama zokonzera, ndani adzayang'anira amisiri, ndiponso kuti aliyense wosonkha adzabwezeredwa zake ndalama zisanagawidwe. Gulani kope limodzi ndipo lembani zonse m'menemo, malisiti muwasunge pamodzi. Abale ambiri sayankhulana lero kaamba ka thumba la simenti limene silinalembedwe.

2. FUFUZANI ZA MALO NDI MAPEPALA

Nyumba imaima pa malo, ndipo malo ali ndi malamulo ake. Ngati nyumba ili pakati pa mudzi, pa malo a mbumba, nkhani iyenera kuyamba kwa eni mbumba ndi kwa mfumu, ndiponso ku komiti ya malo kumene makomiti otero akhazikitsidwa motsata lamulo la malo a makolo la chaka cha 2016. Kawirikawiri nyumba yotere siigulitsidwa kwa mlendo. Mbale ndiye amaiwombola.

Ngati nyumba ili pa puloti ya khonsolo kapena pa malo a lizi, funani mapepala ake tsopano. Yang'anani m'sutikesi ya bambo ndi m'Baibulo la mayi, pakuti makolo ankasunga zikalata m'menemo. Onani dzina lolembedwa pa pepalalo. Kafunseni ku ofesi ya za malo ku khonsolo ngati pali ngongole ya msonkho wa malo, ndipo ngati nyumba ili ndi madzi a pampopi kapena magetsi, onaninso ngati mabilu analipidwa. Funani mabikoni a malire, muwaonetse poyera pamodzi ndi anansi anu. Wogula wanzeru amafunsa mapepala asanafunse mtengo.

3. YENDERANI NYUMBA NDI MMISIRI

Itanani mmisiri womanga nyumba wodziwika m'dera lanu, muyende naye chipinda ndi chipinda, kope lili m'manja. Gawani zimene mwaona m'magulu atatu: zimene zingagwetse nyumba, zimene zimaipitsa maonekedwe, ndi zimene mungozilakalaka. Ndalama zipite ku gulu loyamba, zotsala ku gulu lachiwiri. Gulu lachitatu mulisiyire wogula.

Nthawi yabwino ya ntchito imeneyi ndi kuyambira Meyi kufikira Okutobala, mvula itatha. Ndi nthawi yomweyonso pamene alimi agulitsa fodya, soya ndi mtedza, ndipo ofuna nyumba ali ndi ndalama m'thumba.

4. DENGA NDILO LOYAMBA

Lowani m'nyumba masana, tsekani zitseko ndi mawindo, ndipo yang'anani kumwamba. Paliponse pamene mwaona kuwala, mvula imalowa pomwepo. Lata lodyeka ndi dzimbiri lichotsedwe. Si koyenera kusintha denga lonse ngati malata ambiri akali olimba. Pogula malata kumbukirani kuti nambala ya geji ikachepa, lata ndi lochindikala: geji 28 ndi yolimba kuposa geji 32. Misomali yozuka ikhomedwe ina, ndipo ikhomedwe pamwamba pa msana wa lata, osati mu ngalande yake mmene mumayenda madzi. Miyala ndi matayala akale amene anaikidwa padenga kuopa mphepo zitsitsidwe, popeza zimauza wogula ali kutali kuti dengalo silinakhomedwe bwino.

Gogodani mapaso ndi mitanda ndi hamala. Mtengo wodyedwa ndi chiswe umalira ngati ng'oma ndipo umaboweka ndi msomali. Umenewo uchotsedwe, ndipo mtengo watsopano upakidwe mankhwala oteteza ku chiswe usanakwezedwe. Tsatani njira za dothi zimene chiswe chamanga pakhoma kufikira mutapeza kumene chikuchokera. Ngati m'siling'i muli mileme, dikirani ituluke madzulo ndipo tsekani mabowo ake. Posesa ndowe zake muwazepo madzi ndi kumanga nsalu pamphuno.

5. MAKOMA NDI PANSI

Ming'alu ili mitundu iwiri. Wina ndi waung'ono ngati ulusi, ndipo uli mu pulasitala mokha. Umenewo n'ngosavuta. Wina ndi waukulu, wotsata njerwa kuchokera pansi kapena pa ngodya ya windo, ndipo umaoneka mkati ndi kunja komwe. Kuti mudziwe ngati ukukula, lembani mzere ndi pensulo pamene wathera, mulembenso tsiku, ndipo mukaonenso patapita mwezi. Ngati wapitirira mzerewo, maziko akuyenda, ndipo kumata pamwamba n'kutaya simenti. Mmisiri ayambe wakonza pansi.

Chimene chimaononga maziko kwambiri ndi madzi a padenga ogwera m'tsinde mwa khoma. Thirani dothi kuzungulira nyumba kuti madzi azithawira kutali, kumbani ngalande, ndipo ngati ndalama zilipo, wakani kakhonde ka simenti kuzungulira khoma lonse. Anthu a m'chigawo cha kummwera sanaiwale mmene makoma onyowa anagwera pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, ndipo wogula wa masiku ano amayang'ana m'tsinde mwa khoma.

Pomata, sakanizani ndowa imodzi ya simenti ndi ndowa 5 za mchenga wosefa. Nyowetsani khoma musanamate, ndipo pomatapo muzithirapo madzi masiku 7 kuti palimbe. Musapake penti pa pulasitala wosauma, chifukwa idzasupuka wogula asanabwere.

Laimu ndi bwenzi la munthu wa ndalama zochepa. Mviikeni m'madzi usiku wonse, muthiremo mchere wodzaza dzanja pa ndowa iliyonse, ndipo pakani mopyapyala kawiri kapena katatu. Samalani maso ndi manja, pakuti laimu amaotcha. Ngati mwasankha penti, gulani yoyera kapena yotuwira. Mtundu woyera umaonetsa chipinda kukula ndi kuwala. Mtundu wofiira kapena wobiriwira kwambiri ungakondweretse inu koma osakondweretsa wogula.

Zitseko zitseguke popanda kukankha ndi phewa. Thirani mafuta m'mahinjesi, sinthani loko wakufa, ndipo chotsani makatoni m'mawindo muikemo magalasi.

6. CHENJEZO PA ZINTHU ZIWIRI

Nyumba zina zakale zinafoleredwa ndi malata otuwa a asibesitosi. Malata amenewa akakhala osasweka sapereka vuto, koma fumbi lake likalowa m'mapapo limayambitsa matenda oopsa patapita zaka. Musawacheke, musawaboole, ndiponso musawakwechese. Chachiwiri ndi penti yakale ya mafuta ya pa zitseko ndi mawindo, imene ina ili ndi mtovu. Fumbi lake limaononga ubongo wa ana. Poipala nyowetsani kaye, ndipo ana ndi amayi oyembekezera akhale kutali.

7. MUSATAYE NDALAMA

Pali ena amene akayamba kukonza saleka. Amaika matailosi, amaonjezera chipinda, amamanga mpanda wa njerwa, mwina ndi ndalama za katapila. Nyumba ikachedwa kugulidwa, chiwongola dzanja chimadya cholowa chonse. Lamulo lake n'lapafupi: musanagule chinthu, dzifunseni ngati wogula adzaonjezera pa mtengo ndalama zoposa zimene mwaononga. Lata latsopano ndi laimu zimabweza ndalama zake. Matailosi kawirikawiri sabweza, popeza wogula ali ndi zokonda zake.

8. KUSESA NDI KUKONZA M'NYUMBA

Iyi ndi ntchito yopanda mtengo, koma ndi yolemera pamtima. M'nyumba ya kholo muli jekete la bambo, mtondo wa mayi, zithunzi ndi makalata. Musafulumize amayi kapena alongo anu pa tsiku limeneli. Gawanani mwamtendere monga mwa mwambo wanu, ndipo zithunzi, mankhwala ndi zikalata zichoke m'nyumbamo mlendo asanalowe.

Wogula afuna kuona nyumba imene iye angakhalemo, osati nyumba ya maliro. Chotsani matumba, zigubu ndi njinga zakufa. Pabalaza siyanipo tebulo ndi mipando iwiri kapena itatu, kuchipinda bedi limodzi loyala bwino, kuti munthu aone kukula kwa chipinda. Tsegulani mawindo masiku angapo kuti fungo la chinyezi lituluke. Kolopani pansi, chotsani akangaude, ndipo palani mwaye m'khitchini.

Kunja n'kumene wogula amayamba kuona. Tchetchani udzu, sesani bwalo, konzani mpanda wakugwa. Dulani nthambi zokhudza denga, koma mitengo ya mango, mapeyala ndi malalanje musaidule, chifukwa imeneyo ndi chuma. Chimbudzi chikhale ndi chitseko ndi chivundikiro. Ngati chadzaza, kumbani china pa mtunda wosachepera mamita 30 kuchokera pa chitsime. Bafa, thandala la mbale ndi dzenje la zinyalala zikhale m'malo mwake monga alangizi a zaumoyo amatiphunzitsa. Zonse zikatha, jambulani nyumba ndi foni m'mawa dzuwa lisanakwere, kuti abale a kutali athandize kufalitsa.

9. NENANI ZOONA

Kukonza nyumba si kubisa zilema zake. Paja amati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Ngati khoma lina linakonzedwa, muuzeni wogula. Ngati madzi amadikha kuseri kwa nyumba m'dzinja, nenani. Munthu wonamizidwa amabwerera ndi mlandu, ndipo dzina limene limaipa pamsika ndi la kholo lanu limene linamanga nyumbayo.

10. MTENGO NDI KULIPIRA

Funsani mitengo imene nyumba zofanana nayo zinagulidwira m'dera lomwelo. Ngati nyumba ndi yaikulu, itanani katswiri wovomerezeka wowerengera mtengo wa nyumba. Chenjerani ndi madobadoba amene amalonjeza wogula mawa nafuna ndalama lero. Ngati mwagwiritsa ntchito mkhalapakati, gwirizanani malipiro ake polemba musanayambe.

Pangano logulitsa lilembedwe, lisainidwe ndi amene ali ndi mphamvu, pamaso pa mboni za mbali zonse ziwiri. Ndalama zilipiridwe ku banki, osati m'chikwama usiku. Makiyi ndi mapepala musapereke ndalama zonse zisanalowe, ndipo pambuyo pake pitani limodzi ndi wogula ku ofesi ya za malo kukasintha dzina. Pogawa, kumbukirani choyamba kholo lotsala ndi ana amasiye amene akali pa sukulu.

MAFUNSO OKAMBIRANA M'MAGULU

1. Ndani ali ndi mphamvu yogulitsa nyumba ya munthu amene anamwalira osasiya wilo?
2. Mungadziwe bwanji kuti mng'alu wa pakhoma ukukula?
3. N'chifukwa chiyani denga liyenera kukonzedwa penti isanagulidwe?
4. Tchulani ntchito zinayi zokometsa nyumba zimene sizifuna ndalama.

Amene mwawerenga phunziro ili muwerengerenso anzanu osadziwa kuwerenga, makamaka amayi amasiye a m'mudzi mwanu. Mwezi wa mawa tidzakambirana za kalembedwe ka wilo.