Intaneti ikazima pa foni itangolandira update: yambani ndi njira zosalira ndalama

Masiku ano nkhani zambiri za chitukuko kuno ku Msundwe zikuyenda pa foni. Uthenga woitanira anthu ku msonkhano wa VDC kapena ADC umafika pa WhatsApp. Alimi amafunsana mitengo ya soya ndi mtedza asanakweze matumba pa ngolo, ndipo makolo amalankhula ndi ana awo amene ali mu mzinda wa Lilongwe kapena ku Joni. Choncho foni ikasiya kulowa pa intaneti, munthu akhoza kuphonya msonkhano kapena kugulitsa mbewu zake motchipa chifukwa chosamva mtengo.

Limodzi mwa mavuto amene amasowetsa anthu mtendere ndi ili: foni imapempha kuti ilandire update, mwini wake amavomera, koma ikazima n'kuyakanso intaneti sigwiranso. Ambiri amaganiza kuti foni yafa, ndipo amathamangira kwa okonza mafoni kuti akaifulashe. Phunziro lathu likunena chinthu chimodzi: kawirikawiri foniyo imakhala ili bwinobwino, chimene chasokonekera ndi makonzedwe ake a mu Settings, ndipo mukhoza kuwabwezeretsa nokha osalipira kanthu.

Update n'chiyani?

Mafoni ambiri amene tili nawo, monga Itel, Tecno ndi Samsung, amayendetsedwa ndi pulogalamu yaikulu yotchedwa Android. Nthawi ndi nthawi opanga mafoni amatumiza zokonzanso pulogalamuyi pofuna kutseka mipata imene akuba a pa intaneti amalowera. Zimenezi ndizo zimatchedwa update, ndipo n'zothandiza. Koma pamene foni ikusintha zam'kati mwake, zina zimene munasankha kale zimatha kusokonekera.

Dziwaninso kuti intaneti yopanda waya imalowa mu foni m'njira ziwiri. Yoyamba ndi data yochokera pa simu khadi ya Airtel kapena TNM. Yachiwiri ndi Wi-Fi, yochokera pa rauta ya ku ofesi kapena kusukulu, pa MiFi, kapena pa hotspot ya foni ya mnzanu. Musanakonze chilichonse, zindikirani njira imene yakanika.

Ngati yavuta ndi data

Poyamba, onani ngati bandulo yanu ikadalipo. Update imodzi imatha kudya ma MB mazanamazana, ina kupitirira 1 GB. Ambiri amene amadandaula kuti update yaononga foni amapeza kuti inangomaliza bandulo. Kumbukiraninso kuti bandulo ya WhatsApp kapena Facebook yokha sitsegula masamba ena.

Chachiwiri, funsani oyandikana nanu amene ali pa netiweki yomweyo. Ngati nawonso sakulowa, vuto lili ku nsanja ya netiweki, ndipo chofunika ndi kudikira basi.

Chachitatu, yatsani Airplane mode, kachizindikiro ka ndege kaja, kwa theka la mphindi, kenako muzimitse. Zikapanda kusintha, zimitsani foni yonse ndi kuiyatsanso. Mukatero foni imafunafuna netiweki mwatsopano.

Chachinayi, ngati foni yanu ili ndi simu khadi ziwiri, lowani mu Settings pa gawo la SIM ndi kuona imene yasankhidwa kuti izipereka data. N'kutheka kuti bandulo ili pa TNM pamene foni ikufuna data pa Airtel. Pomwepo onani pa Preferred network type, kuti foni isakhale pa 2G yokha. Sankhani pamene pali 4G ndi 3G.

Chachisanu, fufuzani mawu akuti Access Point Names. Imeneyi ili ngati keyala imene foni imagwiritsa ntchito polowa pa intaneti ya kampani yanu. Dinani timadontho titatu ta m'mwamba ndi kusankha Reset to default. Ngati pamalopo palibe cholembedwa, onjezerani chatsopano ndipo pa APN mulembe mawu akuti internet, kenako musunge.

Ngati yavuta ndi Wi-Fi

Foni ikalemba kuti Connected, no internet, ndiye kuti yalumikizana ndi rauta, koma intaneti sikudutsa. Yesani ndi foni ina. Ngati nayonso ikukanika, onani bandulo ya rautayo kapena ya mwini hotspot, ndipo muizimitse ndi kuiyatsanso.

Ngati mafoni ena akulowa koma yanu yokha ikukana, dinani dzina la Wi-Fi, sankhani Forget, kenako mulowenso polemba pasiwedi mosamala, posiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono. Ngati dzina la hotspot ya mnzanu silikuoneka n'komwe, apempheni asinthe pa AP band kuchoka pa 5 GHz kupita pa 2.4 GHz, chifukwa mafoni ambiri otsika mtengo amaona 2.4 GHz yokha.

Palinso china chimene ambiri sachidziwa. Kuyambira pa Android 10, imene inatuluka mu 2019, foni imadzibisa popereka nambala yongopeka kwa rauta m'malo mwa nambala yake yeniyeni yotchedwa MAC. Ku maofesi kumene rauta imalola mafoni olembetsedwa okha, foni yanu ikhoza kukanidwa ngati mlendo. Uzani woyang'anira rautayo, kapena sankhani Use device MAC pa makonzedwe a Wi-Fi imeneyo.

Zoyenera kuona pa njira zonse ziwiri

Onani tsiku ndi nthawi. Foni ikamaonetsa tsiku lolakwika, masamba otetezedwa amakana kutseguka ndipo WhatsApp imadandaula. Pa Date and time, lolani kuti foni izitenga yokha nthawi ku netiweki. Zimitsaninso kaye VPN ngati munaikamo, pamodzi ndi Data saver ndi Battery saver, chifukwa zimenezi zimatsekereza mapulogalamu ena.

Zonsezi zikalephera, fufuzani mu Settings mawu akuti Reset network settings, kapena Reset Wi-Fi, mobile and Bluetooth. Popeza mafoni amasiyana kasanjidwe, lembani mawu akuti reset pa kagalasi kofufuzira ka m'mwamba. Njirayi imafufuta mapasiwedi a Wi-Fi ndi zipangizo za Bluetooth zimene munalumikiza, koma sikhudza zithunzi, manambala kapena mauthenga anu.

Chenjezo lalikulu

Pafupi ndi mawu amenewa pamakhala ena akuti Erase all data kapena Factory reset. Musawadine. Amenewa amasesa zonse za mu foni: zithunzi za ana, manambala osungidwa mu foni, mauthenga a gulu la banki mkhonde ndi zithunzi za malisiti. Kufulasha nakonso kumachita chimodzimodzi. Komanso foni ikafufutidwa chonchi imatha kufunsa akaunti ya Google imene inalimo kale. Ambiri anatsegulidwira akaunti ndi munthu wina pa tsiku logula foni ndipo sadziwa pasiwedi yake. Oterewa amatsala ndi foni yosatseguka. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ngati mwayesa zonse osaphula kanthu, imbirani kampani ya netiweki yanu kapena pitani ku ofesi yake. Mukapita kwa wokonza mafoni, chotsani simu khadi ndi memori khadi ngati mukuisiya foniyo, ndipo mumuuze kuti asafufute kanthu asanakufunseni. Nambala yachinsinsi ya Airtel Money kapena Mpamba siifunika pokonza intaneti. Aliyense woipempha, kaya pamaso kaya pa foni, mukanireni.

Kupewa kuposa kuchiza

Musaope update, koma ikonzekereni. Batire likhale lopitirira theka, chifukwa foni ikazima ntchitoyi ili m'kati ikhoza kuonongekadi. Ngati n'kotheka, ilandireni pa Wi-Fi kapena mutagula bandulo yokwanira. Mu Play Store, sankhani kuti mapulogalamu asamadzikonze okha pogwiritsa ntchito data. Lembani akaunti yanu ya Google ndi pasiwedi yake m'kope ndi kulisunga pamalo obisika kunyumba. Pomaliza, update yeniyeni imapezeka mu Settings kapena mu Play Store. Uthenga wa pa WhatsApp kapena SMS wokuuzani kuti mudine linki kuti foni ikonzedwe ndi msampha.

Mafunso okambirana pa msonkhano wa m'mudzi

1. Kodi pali kusiyana kotani pakati pa Reset network settings ndi Factory reset?

2. Ndi angati mwa ife amene akudziwa pasiwedi ya akaunti yawo ya Google?

3. Kodi ndi achinyamata ati m'mudzi mwathu amene angathandize akuluakulu kutsatira njirazi, mwini foni ali pomwepo akuona?