Malangizo kwa Wofuna Kukasewera Basiketibolo Kutsidya kwa Nyanja

Popeza matimu a NBA ku America amasankha osewera atsopano pafupifupi 60 okha pa mwambo wawo wa chaka ndi chaka, pamene oyembekezera ali zikwizikwi, ambiri amene basiketibolo imawadyetsa amakaipezera ku Spain, Turkey, Greece, France, China ndi Australia. Ndipo inu amene mtima wanu walunjika njira imeneyi, tcherani khutu, pakuti safunsa anadya phula.

Yambani ndi umboni wa luso lanu. Mphunzitsi wa ku Ulaya sakhutira ndi kanema wa mphindi ziwiri wongoonetsa pamene munagoletsa. Iye afuna masewero athunthu awiri kapena atatu, kuti aone mmene mumatchingira, mmene mumapatsira mnzanu mpira, ngakhale nkhope imene mumachita akakutulutsani m'bwalo. Zoloweraninso malamulo a FIBA (bungwe la basiketibolo la dziko lonse), amene masewero ake ndi a mphindi 40, osati 48 monga a NBA, ndipo mzere wa mapointi atatu uli pa mamita 6.75.

Mukatero funani ejenti, amene ali ngati nkhoswe yanu kwa eni timu. Akhale wa chiphaso cha FIBA, dzina lake lopezeka pa mndandanda wa bungwelo pa intaneti. Gawo lake nthawi zambiri ndi magawo 10 pa 100 a malipiro anu, ndipo limabwera mgwirizano ukasainidwa. Munthu wokuuzani kuti mutsogoze ndalama za tiketi ndi visa musanaone kalata ya timu, ameneyo ndi mbala, mulekeni.

Koma pamene ndifuna mukhalitse ndi pa mgwirizano weniweniwo, chifukwa, monga ndionera ine, osewera ambiri olira kunja amalira chifukwa cha pepala limene anasaina mofulumira, osati chifukwa cha mpira. Muwerenge mzere uliwonse, ndipo ngati walembedwa m'chinenero chimene simuchidziwa, wina wokhulupirika akutanthauzireni. Lembalo linene ngati ndalama yotchulidwayo msonkho wachotsedwa kale. Litchule tsiku la malipiro mwezi uliwonse, nyumba, galimoto ndi matiketi a ndege opita ndi obwerera. Linene chimene chidzachitika bondo likathyoka mu Novembala, ngati adzakulipiranibe kufikira kumapeto kwa nyengo kapena adzakubwezani kwanu chimanjamanja. Ndipo popeza kuchedwetsa malipiro ndi nthenda yodziwika m'matimu ang'onoang'ono, musasaine pokhapokha muli ndime ziwiri: ina yokulolani kuchoka malipiro akachedwa masiku mwakuti, ina yoti mlandu uliwonse udzapita ku Basketball Arbitral Tribunal ku Geneva, bwalo limene linayamba mu 2007, limene chigamulo chake timu ikachinyoza FIBA ikhoza kuiletsa kulemba osewera ochokera kunja. Popanda ndime imeneyi mudzayenda m'makhoti a dziko lachilendo, inu muli ndi njala.

Mgwirizano ukatheka, pakufunika kalata yokumasulani yochokera ku bungwe la basiketibolo la dziko limene munasewerako komaliza, ndipo popanda iyo simulowa m'bwalo. Choncho musachoke kumene muli ndi ngongole kapena mkangano. Pasipoti yanu nayo musainyoze. Ku Spain, kumene timu ya mu Liga ACB imaloledwa alendo awiri okha ochokera kunja kwa Ulaya, osewera a maiko a m'pangano la Cotonou la mu 2000, m'mene munali Malawi, Zambia ndi Mozambique, sawerengedwa m'gulu la alendowo, ndipo ichi chimawatsegulira khomo lotsekedwa kwa ena.

Mukafika, kumbukirani kuti kwa eni kudyetsa nthanga, dzungu ukulifuna. Mlendo ndiye woyamba kulozedwa chala timu ikagonja kangapo, ndipo lamulo la dzikolo silidzaona kutchuka kwanu: Brittney Griner, katswiri wa ku America amene ankasewera ku Yekaterinburg, anamangidwa pa bwalo la ndege ku Moscow mu February 2022 atapezeka ndi mafuta a chamba m'chikwama, naweruzidwa zaka 9, ndipo anatuluka mu December chaka chomwecho posinthana akaidi. Mankhwala aliwonse, ngakhale a chimfine, muyambe mwafunsa dokotala wa timu.

Za ndalama ndinena mwachidule. Ku Ulaya malipiro amabwera miyezi ngati khumi, mgwirizano wambiri ndi wa chaka chimodzi, ndipo miyezi yotsalayo mudya zimene munasunga. Tsono musanakwere ndege, siyani kope la mgwirizano wanu ndi la pasipoti m'manja mwa mbale wanu wokhulupirika kunyumba, pamodzi ndi nambala ya ejenti wanu.